Madigiri 60, mpira m'tchire

Kale munthu akamenya mpira wa gofu n'kukagwera m'tchire, ankatukwana chamumtima, n'kutuma kadi kuti akausake. Masiku ano amayamba watulutsa kaye foni. Kadi yemwe uja, chikwama cha ndodo 14 chili paphewa, ndiye wasandukanso wojambula kanema. Bwana akangomenya, awiriwo amaweramira pafoni, bwana n'kumakoka mizere yofiira ndi chala pa chithunzi chake chomwe: mzere wina kuchoka pa mpira kudutsa m'chiuno, wina kuchoka pa mpira kukafika paphewa. Akamamaliza kuwerengera madigiri, palibe ndi mmodzi yemwe amene waona kumene mpira wagwera.

Chimene akusakacho aphunzitsi a gofu amachitcha swing plane. Mutu wa ndodo ukachoka pa mpira umakwera chakumbuyo n'kubwereranso, kuzungulira thupi la womenyayo. Mkombero umenewo sugona pansi komanso suima chilili. Umapendekeka, ndipo kupendekekako n'kumene kumayezedwa m'madigiri. Amene anagwirapo khasu ndi chikwakwa nkhaniyi akuidziwa kale. Khasu limachokera pamwamba pa mutu n'kulunjika pansi, pamene chikwakwa chimayenda chammbali, kumapsepsa udzu. Ndodo ya gofu imadutsa pakati pa ziwirizi. Ya driver, yomwe ndi yaitali kuposa zonse, akatswiri ambiri imawayendera pa madigiri 45 mpaka 50. Zachitsulo zapakati, monga 6-iron, zimakwera kufika cha m'ma 60, ndipo zazifupi zimaimirira kuposa apo. Chifukwa chake n'chapafupi: ndodo ikafupika umayandikira mpira n'kuwerama, mkombero n'kuimirira wokha.

Bwana wina atatopa ndi mizere anafunsa kadi wake: "Iwe, tandiuza zoona. Madigiri oyenera ndi angati?"

"Pa ndodo iti, bwana?"

"Iliyonse."

"Kwa inuyo zonse n'chimodzimodzi, bwana. Zimakathera pamtengo wa mango uja."

* * *

Amene anafalitsa matendawa ndi Ben Hogan wa ku Texas. Mu 1957 anatulutsa buku lotchedwa Five Lessons, ndipo m'kati mwake muli chithunzi chimene anajambula Anthony Ravielli. Hogan waima pa mpira, mutu wake watulukira pabowo la galasi lalikulu, galasilo latsamira pamapewa ake n'kutsetsereka mpaka pa mpira. Phunziro lake n'lakuti pokweza ndodo mikono isaswe galasilo, izidutsa kunsi kwake.

Akuti njonda ina itaona chithunzicho inalunjika kwa ogulitsa magalasi.

"Mundidulire lalikulu, lotalika kuposa ineyo. Pakati muboole."

"Ndi la windo kapena la chitseko, bambo?"

"La m'khosi."

Wogulitsayo anaika tepi yake pansi. "Bambo, ife kuno mabandeji sitisunga."

Galasi la Hogan linali la m'maganizo chabe, ndipo silinali limodzi. Mwiniwakeyo analemba kuti potsitsa ndodo mkombero umasintha: umagona pang'ono n'kuloza kumanja kwa kumene ukufuna kuti mpira upite. Okoka mizere ambiri tsamba limenelo sanalifike. Koma choseketsa kwambiri n'china. Vuto limene linamuzunza Hogan zaka zambiri linali la mpira wothawira kumanzere, umene amati hook, ndipo zambiri za m'bukumo ndi mankhwala a nthenda imeneyo. Anthu wamba ochuluka mpira wawo umathawira kumanja, umene amati slice. Ndiye kwa zaka zoposa 60 odwala slice akhala akumwa mokhulupirika mankhwala a hook, n'kumadabwa kuti bwanji tchire la kumanja silikuwasiya.

Tisaiwalenso kuti munthu ameneyu galimoto yake inawombana ndi basi mu February 1949, madokotala n'kumakayika ngati adzayendenso, koma mu June 1950 anapambana US Open ku Merion miyendo ili yokulungidwa m'mabandeji. Munthu wotere galasi linali gawo laling'ono chabe la nkhani yake.

* * *

Jim Furyk akanabadwa m'nthawi ya mafoni, bwenzi atamuletsa gofu akadali mwana. Ndodo amaikweza molunjika kumwamba, chigongono chili pambali, ikafika pamwamba imapatuka, kuzungulira, n'kugwera kumbuyo kwake isanabwerere pa mpira. Ukati ukoke mzere pa kanema wake, chala chimachita chizungulire. David Feherty, woulutsa gofu pa TV, anati kamenyedwe kameneka n'kofanana ndi octopus, chinyama cha m'nyanja cha miyendo 8 chija, chikugwa mumtengo. Mphunzitsi wa Furyk moyo wake wonse wakhala bambo ake omubereka, ndipo iwo sanafune kumuwongola.

Chinyama chogwa mumtengocho chinapambana US Open mu 2003. Mu 2010 chinatenga FedEx Cup pamodzi ndi madola 10 miliyoni. Mu 2013 chinamaliza maenje 18 ndi mashoti 59, ndipo mu 2016, pa Travelers Championship, chinamaliza ndi 58, zimene zinali zisanachitikepo pa PGA Tour. Amene amamuseka pakhonde la kalabu, 58 amaifika ali pa dzenje la 11.

Palibe matsenga. Ndodo ya Furyk ikatsika kufika m'chiuno imakhala yabwerera panjira yabwino, ndipo imabwerera pomwepo nthawi iliyonse. Zopindikapindika zonse zija zimachitikira kumwamba, kumene kulibe mpira. Mpira umakhudzana ndi ndodo kwa pafupifupi theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. M'kanthawi kameneko ulibe mpata wofunsa ndodo kumene yadzera.

* * *

Mkulu wina wa kubanki anajambulidwa Lolemba, foni n'kumuuza kuti ndodo yake yaimirira mopitirira. Sabata yonse analimbana ndi kuigoneka mpaka msana unayamba kudandaula. Loweruka anajambulidwanso: tsopano yagona mopitirira. Anabwerera kukaimika. Lachitatu lotsatira, yaimiriranso. Atafika potaya mtima, kadi wake anakanda m'mutu.

"Bwana, ndinene kanthu?"

"Nena."

"Lolemba ndi Lachitatu ndimajambula ndine. Loweruka ndimakhala kutchalitchi, ndiye amajambula mng'ono wanga uja."

"Ndiye zikukhudzana bwanji?"

"Iye uja ndi wamtali, bwana. Komanso amakonda kuima pamthunzi."

Kadiyo sananame. Kamera ikasuntha phazi limodzi kumanja kapena kumanzere, kapena ikakwera kuchoka pa msinkhu wa manja kufika pa msinkhu wa nkhope, kamenyedwe komweko kamaoneka kena. Aphunzitsi odziwa ntchito yawo amaika kamera kumbuyo kwa womenya, pa msinkhu wa manja ake, moloza kumene mpira ukupita, ndipo amaiika pamalo omwewo tsiku lililonse. Mkulu uja milungu iwiri yonseyo ankalimbana ndi misinkhu ya ana a mayi mmodzi.

* * *

Nyengo ya mvula gofu amasamukira pabalaza. Mayi wina amene sanapondepo pabwalo la gofu anafika podziwa swing plane kuposa mwamuna wake, ndipo ankayeza ali kukhitchini komweko.

Kukamveka phwaa! kudenga: "Bambo, mwaimika kwambiri. Limenelo ndi babu lachitatu."

Kukamveka khocho! chakukhoma: "Mwagonekanso. Kabati ya mbale imeneyo anatipatsa ndi amayi anga."

Tsiku lina kunangoti zii. Mayi anasuzumira, n'kupeza bambo akumwetulira, ndodo ili paphewa, babu lili bwinobwino, kabati ili bwinobwino.

"Mwaona, mayi? Ndaipeza tsopano!"

"Zikomo. Nanga kapetiyo mwaikumbiranji?"

"Imeneyo amati divot. Akatswiri onse amakumba choncho."

"Akakumba amabwezera?"

"Amabwezera."

"Sitolo amatseka 5 koloko."

* * *

Tisanamizane, nkhani ya mkomberoyi si yabodza ayi. Pali vuto lenileni limene limadya mipira ya anthu tsiku ndi tsiku. Ndodo ikafika pamwamba, munthu wofuna kumenya mwamphamvu amayamba ndi mapewa ndi manja m'malo moyamba ndi miyendo ndi chiuno. Ndodo imaponyedwa kutsogolo, kunja kwa njira imene inakwerera, n'kutsika moimirira, kudula mpira kuchokera kunja kulowa mkati. Aphunzitsi amati over the top. Nkhope ya ndodo ikakhala yotseguka poyerekeza ndi njira imeneyo, kwa womenyera kumanja mpira umanyamuka bwinobwino, ukafika pakati umasintha maganizo n'kukhotera kumanja.

Mwiniwake akaona choncho, nzeru imene imamubwerera ndi yoloza kumanzere. Kuloza kumanzereko kumawonjezera kudula kuja, mpira n'kukhota kuposa dzulo. Mawa lake amawonjezeranso kuloza kumanzere.

Wina anapitiriza choncho chaka chathunthu, mpaka tsiku lina ataima pa tee yoyamba, pamalo poyambira dzenje loyamba, anthu amene ankamwa tiyi pakhonde la kalabu ananyamula makapu awo n'kuyamba kulowa m'nyumba.

"Musaope!" anakuwa. "Umakhota!"

Tsiku limenelo sunakhote.

* * *

Homer Kelley ankagwira ntchito kukampani yopanga ndege ya Boeing ku Seattle. Ulendo woyamba kusewera gofu anamenya 116. Patapita miyezi ingapo anamenya 77, osadziwa chimene wasintha. Wina aliyense akanagulira anzake chakumwa n'kupita kunyumba akuimba mluzu. Kelley zinamusowetsa tulo, ndipo anatha zaka pafupifupi 30 akufufuza chifukwa chake. Mu 1969 anatulutsa The Golfing Machine, buku lachikasu limene limagawa kamenyedwe m'zigawo 24 zokhala ndi mitundu 144. Kutsitsa ndodo kuchoka pamwamba kufika pa mpira kumatenga pafupifupi kota ya sekondi. Zigawo 24 zija muzikumbukire m'menemo.

Bukulo linadzagwera m'manja mwa mnyamata wa ku California wa zaka 15, Bryson DeChambeau, amene pambuyo pake anakaphunzira physics ku yunivesite ya SMU ku Dallas. Iye anaganiza chonchi: ngati ndodo iliyonse ili ndi mkombero wakewake chifukwa zimasiyana kutalika, bwanji osangozilinganiza zonse? Ndodo zake zachitsulo anazipanga zonse mainchesi 37.5, kuti kaimidwe kakhale kamodzi, mkombero umodzi. Mipira amaiviika m'madzi a mchere wa Epsom kuti aone mbali imene yalemera. Mu 2018 anamuona pa mpikisano atatulutsa kampasi, yomwe ija ya m'bokosi la masamu la kusukulu, akuyeza pa kabuku kake kuti adziwe penipeni pamene pali dzenje. Akuluakulu a bungwe la USGA anachita kukhalira pansi nkhani ya kampasiyo, n'kugamula kuti siiloledwa.

Anthu anaseka, mpaka mu 2020 mnyamatayo anapambana US Open ku Winged Foot, kusiya wachiwiri ndi mashoti 6. Mu 2024 anaitenganso ku Pinehurst, kumusiya Rory McIlroy ndi shoti imodzi. Koma taonani mmene anamalizira. Pa dzenje lomaliza mpira wake unakagona pafupi ndi muzu, nthambi za mtengo zili pamutu, moti ndodo sakanaikweza mmene amafunira. Anaukankhira kutsogolo n'kukagwera mumchenga, kenako anauchotsa mumchengamo mtunda wa mayadi 55 kukaima pafupi ndi dzenje. Pansi pa mtengo paja, zigawo 24 zinangoima poteropo n'kumaonerera.

* * *

Moe Norman wa ku Canada ndiye amene a mkombero umodzi amamulambira. Ankaima atatangadza miyendo, mikono itatambasuka molunjika ndi ndodo, mutu wa ndodo atauika patali kumbuyo kwa mpira. Sankachedwa: kuika mpira, kumenya, kuika wina. Nthawi zina ankauika pa botolo la Coca-Cola m'malo mwa tee, kachikhomo koikapo mpira, n'kuwuwongolabe chimodzimodzi. Tiger Woods ananenapo kuti anthu awiri okha ndi amene anali eni ake enieni a kamenyedwe kawo, Hogan ndi Norman.

Komabe ngakhale iyeyu malangizo aulere anamupweteka. Ku Masters ya 1956, Sam Snead anamupatsa nzeru ina pabwalo loyeserera. Norman, pokondwa kuti katswiri wamkulu chotero wamulankhula, anamenya mipira mpaka mdima, manja onse n'kusupuka. Mawa lake ndodo inakanika kugwirika, ndipo anatuluka mumpikisano asanamalize maenje a tsikulo. Snead ankamufunira zabwino. Onse opereka malangizo pabwalo loyeserera amakufunira zabwino, n'chifukwa chake ndi oopsa.

* * *

Mu 2003 ku Denmark kunayamba kampani ya TrackMan, yopanga kabokosi kalalanje ka radar kamene amakaika kumbuyo kwa womenya. Injiniya wake, Fredrik Tuxen, anali atagwirapo ntchito ya ma radar otsata zipolopolo ndi mizinga, ndiye kampira ka magalamu 46 sikanamuvute. Kabokosiko kamayeza liwiro la ndodo, njira imene yadzera, kumene nkhope yake yaloza, ndi kupendekeka kwa mkombero cha pansi pamene ndodo ikukumana ndi mpira.

Ntchito yake yoyamba inali yochititsa manyazi aphunzitsi. Kwa zaka zambiri ankaphunzitsa kuti mpira umanyamukira kumene ndodo ikuyenda, kenako n'kukhotera kumene nkhope yaloza. Radar inaonetsa kuti pa driver, pafupifupi magawo 85 pa 100 a kumene mpira unyamukire amalamulidwa ndi nkhope ya ndodo. Amene munalipira maphunziro akale aja, ndalama zanu musazidikire.

Bambo wina analipira ola lathunthu pa kabokosiko. Atamenya, mnyamata woyendetsa makinawo anayamba kuwerenga manambala pa kompyuta, mzere ndi mzere: mkombero madigiri mwakuti, njira ya ndodo mwakuti, nkhope mwakuti, kuzungulira kwa mpira mwakuti.

"Chabwino, mwana wanga. Ndiye zonsezi zikutanthauzanji?"

"Zikutanthauza kuti mpira wapita kumanja, bambo."

"Zimenezo kadi wanga amandiuza ulere."

* * *

Mu April 1997 Tiger Woods, ali ndi zaka 21, anapambana Masters kusiya wachiwiri ndi mashoti 12. Atakhala pansi kuonera kanema wake, sanakondwe nazo. Anauza mphunzitsi wake Butch Harmon kuti aphwasule zonse ayambirenso. Chaka cha 1998 anangopambana kamodzi pa PGA Tour, anthu n'kumati mwanayu wadziononga yekha. Mu 2000 anatenga US Open ku Pebble Beach kusiya wachiwiri ndi mashoti 15, ndipo pofika April 2001 zikho zonse zinayi zikuluzikulu zinali m'nyumba mwake nthawi imodzi. Anachita chiyani atafika pamenepo? Mu 2004 anapita kwa Hank Haney kukagoneka mkombero, mu 2010 kwa Sean Foley kukasinthanso.

Nick Faldo naye anachitapo zomwezo. Mu 1985 anadzipereka kwa David Leadbetter, mphunzitsi amene anakulira kwa anansi athu ku Zimbabwe, dzikolo likutchedwa Rhodesia, komwenso anakulira Nick Price. Zaka ziwiri Faldo anasowa pamndandanda wa opambana. Mu 1987 anatenga The Open ku Muirfield atamenya par, chiwerengero cha mashoti choikidwa pa dzenje lililonse, pa maenje onse 18 a tsiku lomaliza, ndipo anadzathera pa zikho zikuluzikulu 6.

Nkhani ziwirizi aphunzitsi amazikonda, chifukwa zimadzaza mabuku a malisiti. Ya Ian Baker-Finch wa ku Australia saitchulatchula. Iyeyu anapambana The Open mu 1991, n'kuganiza kuti mpira wake sukupita patali mokwanira. Anayamba kusintha kamenyedwe, ndipo aliyense wodutsa anali ndi nzeru yomupatsa. Mu 1995 ku St Andrews, pa dzenje loyamba limene bwalo lake n'lotambalala chifukwa limalumikizana ndi la dzenje la 18, anamenya mpira wodutsa mabwalo onse awiriwo n'kutuluka kunja kwa malire, Arnold Palmer ali pambali pake. Mu 1997 ku Troon anamenya 92 tsiku loyamba n'kusiya mpikisano. Anakathera pa ntchito youlutsa gofu pa TV, kumafotokozera dziko lonse kamenyedwe ka anzake.

Charles Barkley, katswiri wa basketball uja, zake zinafika pomvetsa chisoni. Ndodo ikamatsika inkaima panjira, mutu wake n'kugwa, thupi lonse n'kuuma, kenako n'kumalizitsa mwadzidzidzi. Mwiniwake ankati anaphunzitsidwa ndi anthu ochuluka mpaka mawu awo ankalankhulira pamodzi m'mutu mwake. Mu 2009 wailesi ya kanema ya Golf Channel inamupereka kwa Haney, amene nthawi imeneyo ankaphunzitsa Woods, n'kupanga pulogalamu yathunthu yoti amukonze. Pulogalamu inatha, ndodo ikuimabe panjira.

* * *

Ku Durban kunali kadi wina wa makolo achimwenye, Sewsunker Sewgolum, amene aliyense ankamutcha Papwa. Sanapite kusukulu, ndipo ndodo ankaigwira chopingasa manja, lamanzere lili pansi pa lamanja, zimene mphunzitsi aliyense amathetsa tsiku loyamba. Ndi manja opingasawo anapambana Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964. Anatenga Natal Open mu 1963, n'kuitenganso mu 1965 atagonjetsa Gary Player. Chithunzi chake chimene chinafalikira dziko lonse n'chakuti akulandira mphoto panja mvula ikugwa, chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu. Pambuyo pake boma linamuletsa kusewera m'mipikisano ya azungu. Apa nthabwala palibe. Ndangoti mudziwe kuti chimene chinaimitsa Papwa sichinali kagwiridwe ka ndodo.

* * *

Mu February 1971 Alan Shepard, mtsogoleri wa ulendo wa Apollo 14, anatulutsa mutu wa 6-iron ya Wilson ali pamwezi, n'kuumanga ku mpini wa chida chotolera dothi. Zovala zake zinali zouma moti anamenya ndi dzanja limodzi. Poyamba anakumba dothi lambiri kuposa mpira. Mpira wachiwiri atauponda bwino, analengeza ku dziko lonse lapansi kuti wapita mamailosi ambirimbiri.

Mu 2021 katswiri wokonza zithunzi zakale, Andy Saunders, anaunika zithunzi za ulendowo n'kuipeza mipira yonse iwiri. Woyamba unapita mayadi 24. Wa mamailosi uja unapita mayadi 40. Munthu wa gofu ungamutumize kumwezi, akafika amakawonjezerabe mtunda.

* * *

Kalabu ina imalola makadi kusewera Lolemba m'mawa, mabwana ali kuntchito. Bwana wina tsiku limenelo anadutsa kudzatenga jekete limene anaiwala, n'kuona kadi wake ali ndi ndodo imodzi yokha, 7-iron yakale yomangidwa ndi mphira pogwirira. Mnyamatayo anangoyang'ana mbendera kamodzi, n'kumenya. Mpira unakwera, n'kukatera pa green, pa udzu wosalala wozungulira dzenje, n'kuima.

Bwana anathamanga, foni ili m'manja. "Bwereza! Ndikujambule. Mkombero wako uli pa madigiri angati?"

"Sindidziwa, bwana."

"Nanga umaganiza chiyani ukamamenya?"

"Ndimaganiza kuti mpira ndili nawo umodzi, bwana."

"Basi?"

"Komanso kuti ndi wanu. Ndinautola kumtengo wa mango."

Inu amene mpira wanu ukuthawirabe kumanja, musanalipire wina aliyense yesani izi. Tengani katoni ya nsapato, muiike motsatira kumene mukuloza, kunja kwa mpira, kusiya mpata wa zala ziwiri kuchokera ku nsonga ya mutu wa ndodo. Menyani. Katoni ikauluka, ndodo yanu ikutsika chakunja, ndipo simukufunika radar ya ku Denmark kuti ikuuzeni. Pitirizani mpaka mpira uzichoka katoni n'kutsala. Nsapato muyambe mwachotsamo, ndipo musachitire pabalaza.